Chifukwa chomwe madokotala amawerengera mitsempha ya magazi m'chotupa cha khansa

Zikomo amayi ndi abambo, tiyeni tiyambe. Munthu akangouzidwa kuti ali ndi khansa funso lake loyamba limakhala loti "adokotala, kodi ndichira?" ndipo funso limeneli ndi lovuta kuyankha ngakhale kwa dokotalayo. Ndiye lero ndikufuna tikambe za njira imodzi yomwe akatswiri akhala akuyesa kuti aone kumene matenda akulowera, yowerenga timitsempha ta magazi ta mkati mwa chotupacho.

Maselo onse m'thupi mwathumu amafuna chakudya ndi okosijeni, ndipo chimawabweretsera ndi magazi. Maselo a khansa nawonso amadya, amadya kwambiri poti amangoswana osapuma. Kachotupa kakamayamba kamadalira mitsempha yomwe ili kale pafupi, koma kakafika milimita imodzi kapena awiri basi, maselo a pakatikati amayamba kubanika. Apa mpamene chotupa chimatulutsa timapuloteni toitana mitsempha kuti iphuke nthambi zolowera kwa icho, ngati munthu amene wadzilumikizira paipi ya madzi mwakuba. Chikangopeza magazi akeake chimakula mofulumira.

Amene analimbikira mfundo imeneyi ndi Judah Folkman, dokotala wa maopaleshoni wa ku Boston ku America, mu 1971, ndipo anzake ambiri sanamukhulupirire poyamba. Mu 1989 wasayansi wina, Napoleone Ferrara, anapatula puloteni imodzi yaikulu yoitana mitsemphayi, imatchedwa VEGF. Kenako mu 1991 Noel Weidner ndi anzake, Folkman ali momwemo, anati tiyeni tiwerenge mitsemphayi m'zotupa za khansa ya m'mawere tione ngati ikutiuza kanthu.

Kawerengedwe kake ndi kotere. Kachidutswa ka chotupa kamene madokotala achotsa kwa wodwala amakadula mopyapyala kwambiri moti kuwala kumadutsa, n'kukaika pa kagalasi. Amathira mankhwala omwe amangomata pa khoma la mitsempha, ena amamata pa puloteni yotchedwa CD31 ena pa CD34, ndiye mukasuzumira pa maikulosikopu mumaona timizere ndi timikombero tofiirira titamwazikana pakati pa maselo. Katswiri uja amayamba wayendayenda pa kagalasi konse kufunafuna pomwe tathithikana kwambiri, akapapeza amakulitsa ka 200 n'kuyamba kuwerenga kamodzikamodzi. Ntchito yofuna kudekha zedi.

Zomwe anapeza a Weidner n'zoti amayi omwe zotupa zawo zinali ndi mitsempha yambiri ndi amene kawirikawiri khansa inali itafalikira kwina. Ndipo n'zomveka, mitsempha ya m'chotupa imamangidwa mwachangu, imakhala yokhotakhota komanso yodontha, ndiye selo la khansa silivutika kulowa m'magazi n'kukatera ku mapapo, ku chiwindi kapena m'mafupa.

Koma apa mundimvetsetse bwino chifukwa ndi pamene ine ndikufuna mugwire. Nambala imeneyi si chigamulo. Akatswiri awiri atha kuona kagalasi kamodzi komweko n'kupeza manambala osiyana poti wina wasankha malo awa wina awo, mankhwala othira aja akasiyana nambalanso imasiyana, ndipo chotupa chimodzi mbali ina chimakhala ndi mitsempha yambiri mbali ina yochepa. Kafukufuku wotsatira wina anagwirizana ndi a Weidner, wina ayi. N'chifukwa chake mpaka pano m'zipatala zambiri sayeza zimenezi kwa wodwala aliyense, zimagwira ntchito kwambiri pa kafukufuku. Ngakhale pa mankhwala otsekereza VEGF otchedwa bevacizumab, omwe ku America anavomerezedwa mu 2004 pa khansa ya m'matumbo, kuwerenga mitsemphaku sikutiuza bwinobwino kuti amuthandiza ndani. Pa khansa ya m'mawere chilolezo chake ku America komweko anachichotsa mu 2011 ataona kuti sakutalikitsa moyo.

Eya amayi kumbuyoko, mwafunsa kuti nanga mitsempha ikamaoneka pakhungu la bere ndiye kuti ndi khansa? Ayi mayi, timitsempha tikukamba pano sitioneka ndi maso, mpaka maikulosikopu. Mitsempha ya pabere imaonekanso mayi akakhala woyembekezera kapena akuyamwitsa. Koma ngati ndi bere limodzi lokha lasintha, kapena mwamva kachotupa kolimba, khungu lakwinyika, nsonga yalowa mkati kapena ikutuluka magazi, musadikire kuti ziyambe kupweteka, pitani akakuoneni.

Ndipo amene muli ndi wodwala pakhomo, zotsatira zikabwera musataye mtima kuti za mitsempha sizinalembedwepo. Afunseni adokotala kuti chotupacho ndi chachikulu bwanji, kodi chafika ku anabere a kukhwapa, maselo ake akuoneka olusa motani, nanga matenda ali pa siteji yanji. Izi ndi zimene amadalira posankha ngati ayambe ndi opaleshoni kapena mankhwala. Bambo apa munakweza dzanja, funsani.