Belo ya Kupolisi Sagula: Zimene Loya Amachita M'bale Wanu Akamangidwa

Moni nonse amene mwatipeza lero. Funso ili musaliyankhire mumtima, lembani m'munsimo: m'bale wanu atamangidwa usiku uno, mungapereke ndalama zingati kuti apolisi amutulutse pa belo? Ngati pali ndalama iliyonse imene yabwera m'mutu mwanu, vidiyo iyi ndi yanu. Musachoke tisanafike pa mfundo yachitatu, chifukwa pamenepo ndi pamene mabanja ambiri amatayira ndalama pachabe.

Zoyambira tizidutse msanga. Loya woona za ufulu wachibadwidwe amagwira ntchito ndi Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Gawo 41 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopita kukhoti ndi kuthandizidwa. Gawo 42 limatchula ufulu wa munthu womangidwa, wotsekeredwa ndi woimbidwa mlandu. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu. Ntchito ya loyayo ndi kuonetsetsa kuti zolembedwazo zafika m'chitokosi momwe m'bale wanu wagonamo. Basi. Tiyeni ku mfundo.

[Pa sikirini: 1. Maola 48]

Yoyamba, nthawi. Loya akangomva kuti munthu wamangidwa, amafunsa tsiku ndi ola. Lamulo limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, auzidwe mlandu wake kapena chifukwa chomusungirabe, apo ayi atulutsidwe. Maolawo akathera usiku, Loweruka, Lamlungu kapena pa holide, aonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Womangidwa Lachinayi madzulo ayenera kukhala pamaso pa majisitireti Lolemba, osati Lachitatu lotsatira poti galimoto ilibe mafuta. Inu achibale lembani: wamangidwa liti, nthawi yanji, pa polisi iti, wofufuza mlandu ndi ndani. Kapepala kameneko loya adzakafuna.

[Pa sikirini: 2. Sitetimenti]

Yachiwiri, sitetimenti. Womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kuuzidwa zimenezi m'chiyankhulo chimene amamva. Alinso ndi ufulu wolankhula ndi loya payekha, wapolisi asakumva. Apa pali msampha. Gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Khoti limayeza pambuyo pake ngati ndi yoona, koma pepalalo limakhala lalowa kale mu fayilo. Choncho musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sanakuwerengereni. Ngati munthu wamenyedwa, anene pamaso pa majisitireti tsiku loyamba lomwelo, apemphe kuti zilembedwe ndiponso kuti apite naye kuchipatala zilonda zisanapole.

Tisanapitirire, dinani subscribe ndi kabelu kali pambalipo. Sizitenga ndi kamphindi komwe, ndipo zimathandiza kuti vidiyo iyi ifike kwa anthu ena.

[Pa sikirini: 3. Belo]

Yachitatu. Apa ndiye tikhalitsa, chifukwa bodza ili landifika pakhosi. Bodza lake ndi lakuti belo amagula.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndibwereze: ndi yaulere. Palibe fizi, palibe ya fomu, palibe ya mafuta, palibe ya bwana. Apolisi amalemba pepala losonyeza kuti woganiziridwa walonjeza kudzaonekera tsiku lakutilakuti, iye amasaina, nthawi zina pamafunika munthu womuimira, kenako amatuluka. Wina akakuuzani kuti mubweretse ndalama kuti m'bale wanu atuluke, funsani funso limodzi lokha: mundipatsa lisiti ya boma? Akakana, dziwani kuti chimenecho ndi chiphuphu. Ndipo mvetsani bwino, pa lamulo lothana ndi katangale wopereka chiphuphu nayenso ali ndi mlandu. Mwapita kukatulutsa munthu mmodzi, mwabwerako mutapalamula inuyo.

Ndikudziwa wina akulemba kale kuti, "Koma ife kukhoti tinalipira." Inde. Belo ya kukhoti ndi ina, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pamenepa. Khoti likhoza kulamula kuti woimbidwa mlandu asiye ndalama ngati chikole. Ndalamayo imaperekedwa ku ofesi ya khoti, mumalandira lisiti, ndipo si malipiro. Ngati munthuyo wakhala akubwera kukhoti tsiku lililonse loitanidwa, mlandu ukatha ndalamayo imabwezedwa, kaya wapezeka wolakwa kaya ayi. Anthu ambiri saibwerera chifukwa palibe anawauza, ena anataya lisiti. Ijambuleni pa foni tsiku lomwelo, yeniyeniyo muisunge pabwino.

Palinso chikole chosapereka ndalama. Khoti limatchula ndalama, koma simutulutsa kanthu pa tsikulo. Omuimira, amene kawirikawiri amakhala achibale awiri, amalonjeza kuti munthuyo akathawa adzalipira ndalamayo iwowo. Khoti limawafunsa mafunso: mumakhala kuti, mumagwira ntchito yanji, muli ndi katundu wanji, pali ubale wanji. N'chifukwa chake loya wodziwa ntchito amakonzeratu omuimira tsiku la pempho lisanafike, ali ndi ziphaso zawo m'manja. Zimachitika kuti khoti lapereka belo, koma munthu n'kugonabe kundende sabata zingapo chifukwa omuimira sanabwere. Ndipo inu amene mukufuna kuimira mnzanu, ganizani kawiri. Akathawa, khoti lidzafuna inuyo.

Tsono khoti limayang'ana chiyani popereka belo? Lamulo la malangizo a belo la chaka cha 2000 limatchula zinthu zake. Kodi munthuyu angathawe mlandu? Kodi angaopseze mboni kapena kuwononga umboni? Kodi angavulaze anthu kapena kupalamulanso? Kodi kutuluka kwake kungabweretse chipwirikiti?  Ndipo Khoti la Suprimu, pa mlandu wa Mvahe mu 2005, linanena kuti udindo wosonyeza chifukwa chomusungira munthu m'ndende uli pa boma. Woimbidwa mlandu sachita kupempha chifundo. Gawo 42 limati atulutsidwe, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Ngakhale pa mlandu wakupha belo imatheka, kungoti apolisi ndi majisitireti alibe mphamvu yoipereka, pempho limapita ku Khoti Lalikulu.

Bodza limeneli lili ndi mbali ina, ndipo ndi imene imandiwawa kwambiri. Anthu akaona woganiziridwa kuba akuyenda pamsewu patangopita masiku atatu, amati wagula apolisi, mlandu watha. Mawa lake wina akagwidwa, amati tisapite naye kupolisi, tithane naye tokha. Umu ndi mmene anthu amaphedwera ndi gulu, ena osalakwa n'komwe. Belo siithetsa mlandu. Wotuluka pa belo ali ndi tsiku lobwerera kukhoti, nthawi zambiri amakasaina kupolisi pa masiku oikika, ena amasiya pasipoti, ena amaletsedwa kutuluka m'boma lawo popanda chilolezo. Akaphwanya chimodzi mwa zimenezi, belo imalandidwa ndipo amabwerera m'ndende.

Ngati ndinu wodandaula, funsani wozenga mlandu, amene amaimira boma kukhoti, tsiku limene mlandu ukulowa, ndipo mupiteko. Milandu yambiri imagwa chifukwa mboni sizinabwere, kenako anthu n'kumati loya wapotoza chilungamo. Ngati woganiziridwayo akukuopsezani, kanenenso kwa wozenga mlandu, chifukwa chimenecho ndi chifukwa chokwanira chopemphera khoti kuti lilande belo. Loya amene amapemphera munthu belo akutsata lamulo lakuti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, lamulo lomwelo limene lidzakutetezani inu tsiku limene wina adzakunamizireni.

Imani kaye apa. Tumizani vidiyo iyi ku gulu la WhatsApp la banja lanu. Ndithu, mfundo imeneyi yokha ikhoza kupulumutsa ndalama za wina.

[Pa sikirini: 4. Rimandi ili ndi malire]

Yachinayi, belo akakanizidwa, munthu sakhala pa rimandi mpaka kalekale. Kuyambira 2010 lamulo linaika malire a masiku mlandu usanayambe kuzengedwa. Mlandu wa kwa majisitireti, masiku 30. Milandu ikuluikulu monga kupha, kugwirira, kuba moopseza ndi kuukira boma, masiku 90. Boma likhoza kupempha khoti kuti liwonjezere, koma osapitirira masiku 30. Masikuwo akatha, loya amabwerera kukhoti kukapemphanso belo. Ngati munthu akusungidwa popanda lamulo lililonse, amapempha Khoti Lalikulu kuti lilamule omusunga abwere naye ndi kufotokoza chifukwa chake. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi chakuti fayilo yasowa, wofufuza anasamutsidwa, kapena chikalata chosungira munthu chinatha mphamvu osakonzedwanso. Womangidwayo sadziwa, achibale atopa kuyenda, munthu amaiwalika.

[Pa sikirini: 5. Mulibe ndalama ya loya?]

Yachisanu. Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa anthu osowa ndalama, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo inayamba kugwira ntchito mu 2015. Ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso m'maboma ena. Imathandiza pa milandu yaupandu ndi pa milandu ya pakati pa anthu, monga ya malo, ya chuma chamasiye, ya banja ndi ya kuchotsedwa ntchito. Amayamba aona kapezedwe kanu ndi mmene nkhaniyo ilili. Wosowa kwenikweni amathandizidwa ulere, wopezako pang'ono akhoza kuuzidwa kuti asonkheko. Tengani chiphaso cha unzika, nambala ya mlandu, dzina la khoti, tsiku lotsatira la mlandu ndi mapepala onse amene muli nawo. Maloya awo ndi ochepa ndipo ali ndi mafayilo ambiri, choncho pitani msanga, musadikire kuti mlandu ulowe mawa.

Palinso maparaligo. Bungwe la maparaligo la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) linayamba ntchito m'ndende za dziko lino mu 2000. Iwowa si maloya, koma amalowa m'ndende ndi m'mapolisi, amaphunzitsa omangidwa kupempha belo okha, amalondola achibale ndi omuimira, ndipo amathandiza kukonza makhoti ochitikira m'ndende momwemo, pomwe majisitireti amabwera kudzaunika milandu ya anthu okhalitsa pa rimandi. Bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la CHREAA nalonso limagwira ntchito yotere. Womangidwa akakhala mwana wosakwana zaka 18, nenani msanga, chifukwa sayenera kusakanizidwa ndi akuluakulu ndipo nkhani yake imapita ku khoti la ana. Za ana tidzapanga vidiyo yakeyake, lembani m'munsimo ngati mukuifuna.

Ndisanatseke, pali mbali ina ya ntchitoyi imene sioneka pachitokosi. Nthawi zina loya amatenga mlandu wa munthu mmodzi kuti asinthe lamulo la anthu onse. Mu 2015 apolisi a ku Blantyre anamanga a Mayeso Gwanda m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo, pa mlandu wa vakabu. Mlanduwo unafika ku Khoti Lalikulu, ndipo mu January 2017 majaji anagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu yaupandu likutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo lochokera m'nthawi ya atsamunda. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linathetsa lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Kuyambira 2015 akaidi oposa 100 anamvedwanso pa za chilango chawo, ndipo ambiri anatuluka. Mu 2020 bungwe la maloya achizimayi linapambana mlandu woimira amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo, amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu October 2019, ndipo khoti linalamula boma kuti liwapatse chipepeso. Milandu yotereyi imatenga zaka, ndipo kupambana kukhoti si kutha kwa ntchito. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikana m'ndende, koma vutolo lidakalipo ndipo maloya akulitsatirabe.

Ngati wapolisi wakupemphani ndalama ya belo, lembani dzina lake kapena nambala ya pa yunifolomu, tsiku, nthawi ndi amene analipo, mukanene ku bungwe lothana ndi katangale la ACB kapena ku Independent Complaints Commission, yomwe imamva madandaulo okhudza apolisi. Nkhani ya kumenyedwa kapena kusungidwa mopitirira nthawi pitani nayonso ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission. Malo onsewa salipiritsa polandira dandaulo.

Vidiyo yotsatira tikamba za chipepeso cha munthu amene anatsekeredwa popanda chifukwa: amasumira ndani, amafunika umboni wanji, ndipo n'chifukwa chiyani ndalama zake zimachedwa kutuluka ngakhale khoti litagamula. Mafunso anu a belo asiyeni m'munsimo, koma musalembe dzina la womangidwa kapena nambala ya mlandu wake pagulu. Tionana sabata yamawa.