Makalata a omvera: Masters kaye kapena mayeso a uakauntanti?

Takulandirani, omvera, kuno ku Lilongwe. Kalata yoyamba lero yachokera ku Area 25, kwa mayi amene apempha kuti dzina lawo tisalitchule. Alemba motere:

"Achimwene a pa wayilesi, ndili ndi digiri ya zowerengera ndalama ndipo ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina ku Kanengo. Mpando wa akauntanti wamkulu utapezeka anandikana, ati sindine chartered. Panopa ndasunga kandalama ku banki m'khonde. Kodi ndikachite Masters kuti asiye kundiderera?"

Zikomo mayi. Kandalamako kagwireni kaye. Masters ndi digiri yachiwiri ya ku yunivesite, ndipo ndi yabwino, koma ngakhale mutaitenga, pa nkhani ya uchartered abwana anu adzakuyankhani chimodzimodzi. Dzina limenelo limachokera ku mabungwe a akauntanti, ukakhoza mayeso awo n'kugwira ntchito moyang'aniridwa.

Kuno kwathu kuli ICAM, imene inabadwa ndi lamulo la 2013, kulowa m'malo mwa SOCAM ndi PAEC zimene akuluakulu ena akuzikumbukira. Ilipo ina ya ku Britain, ACCA. Imeneyo ili ndi mapepala a mayeso 13, phunziro la umunthu ndi chilungamo pa ntchito, komanso miyezi 36 yogwira ntchito yosayinidwa ndi akauntanti amene anavomerezeka kale. Apa mpamene digiri yanu ikuthandizeni: akaiona angakuchotsereni mapepala ena, mpaka 9 ngati maphunziro anu akuwavomereza mokwanira, koma anayi omaliza palibe amene amawazemba. Zaka zanu za ku Kanengo nazonso musazitaye, fufuzani ngati pali akauntanti wovomerezeka amene angakusayinireni.

Chondidetsa nkhawa ine ndi thumba. Fizi ya ACCA imalipiridwa m'mapaundi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tikudziwa mmene zogula kunja zinawawira. N'chifukwa chake ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndafunsa ku ICAM. Masters kapena MBA, imene ndi Masters ya kayendetsedwe ka bizinesi, mudzaichite mukadzafuna utsogoleri wa kampani kapena kuphunzitsa ku yunivesite. Mwina pamenepo n'kuti abwana akukulipirirani okha!

Ina yachokera ku Kawale, kwa mnyamata amene akuti: "Amalume, ndinakhoza MSCE koma ku yunivesite ya MUBAS sananditenge. Basi uakauntanti wandidutsa?"

Ayi mphwanga, sunakudutse. Khomo silili limodzi. ICAM ili ndi dipuloma ya Technician imene anthu amayamba ndi MSCE, kenako n'kumakwera mpaka kufika pa uchartered. Chimene amayang'anitsitsa ndi masamu ndi Chingerezi, ndiye ngati ziwirizi zinapendekeka, ukalembenso usanawononge ndalama za makolo. Pophunzirira sipofunika kupita ku Blantyre, Malawi College of Accountancy ili ndi nthambi konkuno ku Lilongwe.

Koma chonde, masiku ano makoleji angoti mbwee, ena pamwamba pa mashopu. Usanalipire ngakhale tambala, kafunse ku Malawi Accountants Board kapena ku NCHE, bungwe loyang'anira makoleji ndi mayunivesite, ngati kolejiyo ndi yovomerezeka, ndipo risiti iliyonse uziisunga.

Kalata yachitatu ndi ya ku Likuni, yokhudza msonkho, koma imeneyo tiiwerenga tikabwerako ku uthenga wa malonda.