Lero mwana wanga wayamwa bere

Abale anga a kuno ku Harare, ndi inu amene mukumvera muli kumudzi, ndikujambula mawu awa usiku uno ndili kuchipatala m'chipinda cha kangaru, momwe amayi amafungatira pachifuwa ana obadwa masiku asanakwane, mwana ndamumanga pachifuwa ndi chitenje, chifukwa lero wayamwa bere koyamba.

Anabadwa mimba ili ndi masabata 30. Kwa mwezi wathunthu ndakhala ndikufinyira mkaka m'kapu maola atatu aliwonse, anamwino n'kumamupatsa kudzera m'kachubu kolowa pamphuno kukafika m'mimba. Apongozi anga ku Dedza sanazimvetse zimenezi, moti tsiku lililonse ankanditumizira mawu pa WhatsApp akuti, "Kodi mwana amakulira pachubu? Mupatseni bere mwanayo!" Mawuwo anandilasa mumtima, ndipo sabata yachiwiri ndinamuika kubere mobisa. Anakoka kawiri, n'kutsamwa, milomo yake n'kuda, makina n'kuyamba kulira. Namwino anathamanga n'kumudzutsa, kenako anandilankhula Chishona mofulumira kwambiri, ine n'kungomvapo pang'ono. Amene anandimasulira ndi mayi wina wa ku Mbare, dera la mu Harare muno, amene agogo ake anachokera ku Mangochi kalekale, ndipo kumva Chichewa chake pa nthawi imeneyo kunandigwetsa misozi.

Amayi anzanga, mvetserani zimene ndinauzidwa. Kuti mwana ayamwe bwino ayenera kuyamwa, kumeza ndi kupuma mosinthanitsa, ndipo ubongo wake umayamba kugwirizanitsa zitatuzi pa masabata 32 mpaka 34, kuwerengera kuyambira pamene mimba inayamba. Nthawiyo isanakwane, mkaka ukhoza kusochera n'kulowa m'mapapo, komanso kuyamwako kumamutopetsa kwambiri moti sikelo imatsika. Anamwino sawerenga masabata okha, amayang'ananso mwanayo ngati akupuma bwino, akukhala maso nthawi yakudya, akutembenuza mutu mukamukhudza patsaya, ndiponso akuika dzanja kukamwa. Wanga anayamba ndi kunyambita bere lofinya kale, kenako kumwa pang'onopang'ono ndi kakapu.

Lero m'mawa anayasamula yekha n'kuligwira bere, ndipo ndinamumva akumeza, kaphokoso kakang'ono kwambiri, kenako n'kupuma, n'kuyambiranso, mpaka tulo tinamugwira. Ife Amalawi takumba migodi ndi kulima fodya wa dziko lino, kudikira sikungatikanike! Kachubu sanakachotse, akuti kakhala mpaka atamakhuta ndi bere lokha sikelo ikukwera. Apongozi ndawatumizira chithunzi madzulo ano, ndipo ayankha kuti ndimupsompsone pamutu m'malo mwawo.