Makalata a omvera: mwana ali pa makina opumira, nanga za bere zikhala bwanji?

Takulandirani omvera nonse. Lero ndasankha makalata okamba za ana obadwa masiku asanakwane, makamaka aja agonekedwa ku nazale ali ndi timapaipi m'mphuno. Maina sitimatchula pano, mukudziwa kale.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina, akuti:

"Zikomo chifukwa cha pulogalamu yanu. Ine ndachira mwana wamkazi pa masabata 30 nde anangomutenga pompo kupita naye ku nazale, pano ali pa makina aja amati CPAP madzi akungobwata m'botolo pambali pake, anesi andiletsa kumuika kubere akuti ndizifinya azimupatsa pa kachubu kolowa mkamwa koma ndikafinya akungotuluka timadontho olo supuni osadzadza. Zikundiwawa kwambiri. Kodi sadzakana bere? Nanga mkaka wangawu suuma?"

Pepani mayi, mtima m'malo. Anesiwo sakukumanani mwana ayi. Kuyamwa timangokuona ngati kophweka koma ndi ntchito zitatu nthawi imodzi, kukoka mkaka, kumeza ndi kupuma, ndipo mwana amayamba kuzigwirizanitsa bwino cha m'masabata 32 mpaka 34, wanuyo sanafikepo. Kenako pali nkhani ya mapapo. Mwana wobadwa msanga chonchi amaperewera timadzi tina toterera totchedwa surfactant, ndiye akatulutsa mpweya timatumba ta m'mapapo mwake timamatana ngati muja ichitira jumbo yonyowa, kuti atitsegulenso amavutika mpaka kutopa. CPAP ija ikukankha mpweya pang'onopang'ono osalekeza kuti timatumbato tisatsekeke. Kubwata mukukuonako si madzi akuwira, ndi mpweya ukutulukira m'madzi, moti mukaona kwasiya kubwata itanani anesi msanga. Tsono mwana amene akupuma mothamanga, kupitirira ka 60 pa mphindi, mukamuika mkaka mkamwa utha kulowera njira ya mpweya n'kutsamwa kapena kudwala chibayo. Kachubu kaja kamadutsitsa mkaka mpaka m'mimba osamutopetsa, komanso kamatulutsa mpweya womwe makinawo amakankhira m'mimba.

Za timadontho musadandaule nazo, masiku oyambirira ndi mmene zimakhalira kwa aliyense, ndipo kwa amene wachira msanga kapena kudzera opaleshoni mkaka wambiri umatha kuchedwerako. Timadontho tachikasuto ndiye tofunika zedi, muli chitetezo chambiri, ndipo kamimba ka mwana wanu pano kakungolandira mamililita ochepa basi. Pemphani sirinji muzitolera dontho lililonse, m'kapu timangotsalira m'mbali. Zipatala zambiri amapaka timadonthoti mkati mwa tsaya la mwana olo ali pa makina, afunseni anesi ngati mungatero.

Mkaka umauma ukamasiyidwa m'bere, sikuti chifukwa mwana sakuyamwa ayi. Nde finyani ka 8 kapena kuposa pa maola 24 aliwonse, usiku omwe, ndikudziwa tulo timakoma makamaka munthu wangochira kumene koma usiku ndi pamene thupi limatulutsa kwambiri prolactin, chomwe chimapangitsa mkaka. Sambani m'manja, sisitani bere kaye, ikani chala chachikulu pamwamba china pansi chakumbuyo kwa mbali yakuda ija, kankhirani kuchifuwa kenako n'kufinya, osamakoka nsonga mungodzipweteka chabe. Mukafinyira pafupi ndi mwana mukumuyang'ana mkaka umatsika bwino kuposa muli nokha kuwodi mukulira. Pa kabotolo lembani dzina ndi nthawi.

Zoti adzakana bere, ayi. Zimapita pang'onopang'ono, ayamba kununkhiza ndi kunyambita ali pachifuwa panu, kenako muzimuika kubere lomwe mwafinya kale kuti azolowere osatsamwa, kenako kuyamwa kwenikweni kwinaku akuonjezeredwa pa chubu kapena kapu. Zipatala zimasiyana apa, ena amalola kuyeserera mwana adakali pa CPAP ngati akupuma modekha, ena amadikira achoke kaye atsale pa okosijeni wochepa. Tsiku lake adziwa ndi amene akumuona mwanayo.

Kalata yachiwiri ndi ya agogo, alemberedwa ndi mdzukulu wawo wamkulu:

"Mwanawe, ine ndikudikirira mpongozi wanga kuchipatala. Kamwanako n'kochepa ngati dzanja langali ndiye mkaka akukapatsa ndi wongolawitsa, mesa kafa ndi njala? Ndaganiza ndigule mkaka wa m'chitini ndizikamwetsa ndi supuni anesi akatuluka, ana anga onse ndinalera ndekha."

Agogo, ndagwada, supuniyo ibwezeni m'chikwama. Sindikukayika kuti munalera ana, koma uyu ndi wina, matumbo ake sanakhwime. Pali matenda ena oopsa a ana osakwana masiku, madokotala amawatchula mwachidule kuti NEC, matumbo amatupa mpaka mbali ina kuwola, ndipo amagwira kwambiri ana omwetsedwa mkaka wa m'chitini kusiyana ndi omwe akulandira wa m'mawere. N'chifukwa chake bungwe la WHO limati woyamba ndi mkaka wa mayi wake, ukasowa ndiye wa mayi wina woyezedwa ndi kutenthetsedwa bwino komwe zoterezi zilipo, wa m'chitini ndi womalizira ndipo alamule ndi adokotala. Mkaka wa mpongozi wanuyo masabata oyambirira uli ndi mapuloteni ambiri kuposa wa mayi amene wachira pa nthawi yake, thupi limadziwa lokha.

Zoti akumulawitsa, amawerengera ndi kulemera kwake pa sikelo n'kumaonjezera tsiku ndi tsiku akaona kuti mimba ikulandira, osatupa osasanza, ndipo nthawi zambiri zotsalazo amalandira pa diripi. Njala ayi. Koma supuni ya mseri kwa mwana amene ali pa makina opumira itha kumutsamwitsa pompo inu muli chiimire. Ngati mukufuna kuthandiza, ntchito ilipo yambiri agogo, kumudzutsa mpongozi wanu usiku kuti afinye, kuonetsetsa kuti wadya ndi kumwa madzi, kumuchapira, ndi kuletsa aja obwera kudzazonda n'kumamuuza kuti mkaka wake ndi wochepa.

Ina yaifupi, ya pa foni, bambo akuti: "Akazanga auzidwa ayambe kangaroo chonsecho mwana adakali ndi mapaipi, sizoopsa zimenezi? Ine ndawaletsa kaye."

Aaa bambo, aloleni. Njira imeneyi, yomuika mwana pachifuwa khungu ndi khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, Dr Edgar Rey ataona kuti makina ofunditsira ana aja amati ma incubator sakukwanira, ndipo kwa zaka zambiri lamulo linali loti mwana adikire kaye mpaka apeze bwino. Koma kafukufuku amene anatuluka mu 2021, wochitikira ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania pa ana olemera kuyambira kilogalamu 1 koma osafika 1.8, anapeza kuti kuyamba kangaroo pompopompo kunachepetsa imfa ndi 25 peresenti m'masiku 28 oyambirira, ndipo ambiri mwa anawo anali odwala ndithu, ena pa CPAP. Mu 2022 WHO inasintha malangizo, pano akuti ayambe msanga akangobadwa, maola 8 mpaka 24 pa tsiku, kupatula mwana amene sakutha kupuma yekha kapena wafookeratu, koma wa pa CPAP amapuma yekha, makinawo amangomuthandiza. Pachifuwa mwana amafunda, amapuma modekha, mkaka wa mayi umachulukanso. Chachikulu anesi ndi amene azimunyamula kumuika pachifuwa n'kukonza mapaipiwo kuti asapindike kapena kusolokoka m'mphuno, mutu utembenukire kumbali khosi lisapindike. Ndipo inuyo vulani shati muziwalandira akazi anuwo akapite kosamba ndi kukagonako, chifuwa cha bambo chimagwiranso ntchito yomweyo.

Mayi wina wafunsa kuti amva anesi akunena za caffeine, kodi mwana wawo akumumwetsa khofi? Ayi mayi, ndi mankhwala oyezedwa bwino, ana osakwana masiku nthawi zina amangosiya kupuma kwa masekondi angapo chifukwa mbali ya ubongo yoyendetsa kapumidwe sinakhwime, ndiye mankhwalawa amawakumbutsa kupuma, amathandizanso kuti achoke msanga pa makina. Sakusokoneza mkaka wanu, pitirizani kufinya.

Nthawi yatithera, makalata otsalawa tiwerenga sabata yamawa, tiyamba ndi ya mayi wa mapasa amene wina watuluka pa CPAP wina adakali pomwepo.