Mbewu siidyedwa

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Miyambo 13:22: munthu wabwino amasiyira zidzukulu zake cholowa.

Musadye mbewu, abale anga. Sabata ino mnyamata wanga wamkulu wakhala akukana pemphero la madzulo. Amangoti watopa, n'kudzitsekera kuchipinda ndi foni. Mtima ukuwawa, ndipo usiku uliwonse kumabwera kamawu kakuti ingomusiya. Komatu amayi kumudzi, njala ya February ingafike potani, chimanga chopachika kudenga la khitchini chija, chakuda bii ndi utsi, sachikazinga. N'cha dzinja likubweralo.

Banja la Guinness la ku Ireland ambiri timalidziwa ndi mowa basi. Arthur Guinness mu 1759 anachita lendi malo ofululira ku St James's Gate, mumzinda wa Dublin, pa pangano la zaka 9,000. Iye ndi mkazi wake Olivia anabereka ana 21, koma amene anakula ndi 10 okha. Tangoganizani maliro onsewo pakhomo limodzi. Chikhalirecho pakhomopo sanatsitse mbewu ya Mawu kuti aidye ndi chisoni.

Inadzamera kwa zidzukulu. Benjamin Lee Guinness anakonzetsa ndi ndalama zake tchalitchi chachikulu cha St Patrick's chimene chinkagwa, ntchito n'kutha mu 1865. Mdzukulu wina, Henry Grattan Guinness, sanalowe n'komwe mu bizinesi ya mowa. Anakhala mlaliki, ndipo mu 1873 anatsegula sukulu ya amishonale ku London imene inatumiza anthu mpaka ku Congo. Mwana wake Geraldine anakatumikira ku China. Arthur anamwalira mu 1803, zonsezi osaziona.

Ndiye inu mayi, inu bambo, mwakwiya chifukwa mwabzala Lolemba ndipo Lachisanu simunaone mmera? Mukufuna kusiya kupempherera mwana chifukwa wakuyankhani mwano? Kumeneko n'kukazinga mbewu. Mudzakhuta mkwiyo usiku umodzi, mvula ikadzagwa m'manja mulibe kanthu. Utsi ukuidetsawo ndi umenenso ukuiteteza kwa anankafumbwe.

Madzulo ano kwathu Baibulo litsegulidwa ndithu, chitseko cha mnyamata chitseguke kapena ayi, ndipo dzina lake litchulidwa mokweza. Nanunso tchulani a kwanu, ndi zidzukulu zimene sizinabadwe.

Atate, tigwireni dzanja pamene njala ya mumtima ikutikankhira kudenga. Anawa ndi anu. M'dzina la Yesu, Ameni.