Lero ndakamutenga munthu pa mamita 28

Moni nonse abale anga kulikonse kumene mukumvera, kaya muli pa shifiti ya usiku, kaya mwangoweruka kumene. Phokoso mukulimva kumbuyoko ndi kompuresa, anyamata akudzaza mpweya m'masilinda opumira pansi pa madzi a mawa. Ndinati sabata ino sindijambula, koma zimene zachitika lerozi sizindilola kugona ndisanazitulutse pakamwa.

Mukudziwa kale kuti ndili kuno ku Tulamben, pachilumba cha Bali, ndimatsogolera alendo pansi pa nyanja kukaona sitima ya Liberty. M'mawa muno bwana andipatsa anthu atatu. Awiri ndi banja, anthu ofatsa, omva. Wachitatu ndi mnyamata wa chikamera chachikulu, khadi lake la maphunziro osambira pansi pa madzi ndi la Open Water, malire ake mamita 18. Akuti akufuna kukajambula kumunsi kwenikweni, kumene sitima yagona pa mamita pafupifupi 30. Ine ndati ayi. Bwana andikokera pambali, ati, "Walipira uyu, usamukhumudwitse." Ndati, "Bwana, ndimufikitsa pa 18, kupitirira apo sindingathe." Sanayankhe. Inu amene mukugwira ntchito kwa eni ake mukukudziwa kukhala chete kumeneko.

Dikirani ndikuuzeni kaye za sitimayi, poti ndimaikonda ngati m'bale wanga. Inali yonyamula katundu wa asilikali a America. Mu January 1942 sitima yankhondo ya Japan yoyenda pansi pa madzi inaiomba ndi bomba, ndiye sitima zina zinaikoka mpaka kudzaikhazika pagombe pano. Inakhala pamenepo zaka 21. Mu 1963 phiri la Agung litaphulika, nthaka inagwedezeka, chisitima chonse cha mamita pafupifupi 120 n'kutsetserekera m'madzi. Sipafunika boti. Umangotsika pamiyala yakudayi, kusambira pang'ono, wafika. Chitsulo sumachionanso, makorali, tizamoyo ta m'nyanja timene timamanga ngati miyala, anachiveka chonse. Ukalawirira dzuwa lisanatuluke umapeza zinsomba za chipumi chotukuka zija amati bumphead zili m'gulu, zikudutsa pang'onopang'ono ngati sizikukuona. Ine mwana wa anthu osauka ndimadziwa khomo lililonse la sitima imeneyi, pomwe ena amasunga ndalama chaka chathunthu kuti adzaione kamodzi.

Ndiye talowa. Pa mamita 16 mayi uja maski ake alowa madzi, ndatembenuka kuti ndimuthandize. Mphindi imodzi siinakwane. Pocheuka, mnyamata kulibe. Ndangoona thovu likukwera kuchokera kumunsi. Ndalikodola banja lija kuti likhale pafupi ndi mnzanga amene anali pomwepo ndi gulu lake, ine ulendo pansi.

Ndamupeza pa 28, wagwada pamchenga wakuda, akujambula chitsulo chopanda kanthu. Ndamufunsa ndi dzanja ngati ali bwino, wangondiyang'ana, maso ali mbee ngati woledzera. Ndagwira geji yake yoonetsa mpweya wotsala m'silinda: 40. Abale, tinalowa ndi 200.

Apa ndiime, ndilankhule ndi inu achinyamata amene mumandilembera kuti mukufuna ntchito imeneyi. Pa mamita 30 madzi amakupanikiza kanayi kuposa pamtunda, ndiye mpweya wa m'silinda umathanso mwachangu kanayi. Kuwonjezera apo nayitrojeni wa mumpweya umene ukupumawo amakuzunguza mutu, umamva kukoma pomwe zinthu zikuipa. Munthu wotere sakuopa chilichonse, ndipo akadzayamba kuopa amafuna chinthu chimodzi basi, kuthawira kumwamba. Kumeneko ndiye kuli imfa. Ukakwera mothamanga utagwira mpweya, mpweyawo umafufuma m'mapapo mpaka kuwang'amba. Ukapulumuka apo, nayitrojeni amachita thovu m'magazi ngati botolo la chakumwa lotsegula utaligwedeza, ena sayendanso moyo wawo wonse. Malamulo amenewa sanaikidwe pofuna kuvutitsa alendo. Musalole munthu aliyense, kaya ndi mwini kampani, akuuzeni kuti kamodzi kokha sikalakwa. Iye amakhala ali pampando muofesi. Amene wagwira dzanja la mwana wa eni pansipo ndiwe.

Ndamupatsa regulator yanga yachiwiri, chopumira cha pakamwa chochokera kusilinda yanga, ndagwira lamba wa jekete yake, tayamba kukwera. Pofika pa 20 mutu wake wabwerera, waona geji, wayamba kupalasa miyendo kuti athawe. Ndamukokera pafupi mpaka maski athu kugundana, ndamuloza m'maso mwangamu kuti yang'ana ine. Pa mamita 5 taima mphindi 3 kuti nayitrojeni ayambe watuluka m'thupi. Ndimamva dzanja lake likunjenjemera pamkono wanga, ine ndikuwerenga pawotchi, sindinamusiye.

Titavuuka sananene kanthu. Mayi amene amatinyamulira masilinda pamutu, awiri nthawi imodzi, anangondiyang'ana n'kundigwira paphewa. Chinenero chawo sindichidziwa mokwanira, koma anaona nkhope yanga. Kagwiridwe kameneko kanandikumbutsa amayi anga, ndinalimba mtima kuti ndisagwetse misozi pamaso pa alendo.

Tsono imvani izi. Masana mnyamata uja wakadandaula kuofesi kuti ndamudulira ulendo, zithunzi zake sizinakwane. Bwana amubwezera ndalama, ndipo ndalamazo azidula pa malipiro anga. Ati ndinalephera kuyang'anira gulu. Bwana yemwe uja anandiuza m'mawa kuti ndipite naye mnyamatayo pansi! Mwezi wathawu anandidulanso chifukwa cha zipsepse zosambirira zimene mlendo anataya yekha. Ndinakhala chete nthawi imeneyo chifukwa cha mapepala, inu mukudziwa. Lero sindinakhale chete. Ndatulutsa kompyuta yanga ya pamkono, ndawaonetsa mzere wonse wa kuya kumene ndinafika, mamita 16, kenako 28, kenako kukwera pang'onopang'ono. Ndati, "Bwana, dulani, koma munthu wanu ali moyo, akudya uko." Ndalemba zonse m'buku la ntchito, mnzanga uja wasainira.

Madzulo ano ndinaimbira amayi. Anafunsa ngati ndikusamala m'madzimo, poti chiyambire ntchito imeneyi mtima wawo sunakhale pansi. Ndati zonse zili bwino amayi. Za lerozi sindinawauze, ndakuuzani inu.

Kompuresa yazima. Mawa ndili ndi gulu la 5 koloko m'mawa, lofuna kukaona ma bumphead, ndiye ndikayang'ane masilinda ndekha ndisanagone. Tionana sabata ya mawa.