Kuchotsa pule ya power steering popanda puller, koma hamala ayi chonde

Moni moni abale anga, takulandiraninso ku galaja kuno. Lero tili pa pule ya pampu ya power steering, kagudumu kaja kamene lamba amazungulirapo. Pampu ikudontha, mwagula ina koma yabwera yopanda pule ndiye mukufuna kusamutsa yakaleyo, puller, chida chokokera pule, mulibe. Musathawe, onerani mpaka kumapeto chifukwa pali chinthu china chake chimandipweteketsa mutu ndipo lero ndichinena.

Choyamba, tsegulani boneti muone ngati pampuyo ilipo nkomwe. Sindikuseka ayi. Honda Fit, Passo ndi Vitz zambiri zobwera ku Japan chiwongolero chake ndi cha magetsi, mulibe pampu, mulibe oyilo, mulibe pule. Ngati ndi yanuyo pitani mukamwe tiyi, koma dinani like musanachoke.

Chachiwiri, chotsani waya wa negative ku batire, jambulani pa foni mmene lamba wadutsira. Basi.

Chachitatu, yang'anani pakati pa pule. Mukaona nati kapena mabawuti, mwapata, Toyota zambiri zakale zili choncho. Masulani natiyo lamba akadali wokungika kuti pule isamazungulire nanu, kenako chotsani lamba, thirani WD-40, igwedezeni ndi manja ituluka. Koma mukaona palibe nati, pakati pali kabowo ka mazinga basi ndipo pakhosi pa pule pali kamlomo kozungulira, imeneyo ndi yochita kukanikizira, zimapezeka kwambiri pa Ford, Chevrolet ndi Jeep. Bowo la pule ndi laling'ono pang'ono kuposa shafuti, kamtengo kachitsulo kamene pule imakhalapo, kuthinana kumeneko ndi komwe kumaigwira.

Nde apa ndi pamene amatulukira achimwene aja odziwa zonse, "aaa bwana kangomenyani ndi hamala kawiri katatu kachoka." Ayi! Ayi ndithu! Taonani pampu ndatsegulayi, kamera bwera pafupi. Shafuti iyi sikuthera pa pule, ikulowa mkati mpaka kukagwira kachitsulo kozungulira aka, kali ndi timapeni tating'onoting'ono timene timakankha oyilo, ndipo konseku kakhala pakati pa mbale ziwiri zosalala, mpata wake ngakhale tsitsi silingalowe. Ukamenya shafuti mphamvu yonse ikupita kuti? Ikupita mkatimu. Mbale yakumbuyo ikandika, kaklipu kogwira shafuti kapindika, silu, kalabala kotsekera oyilo, iyamba kudontha, ndipo nsonga ya shafuti ifutukuka ngati bowa, mazinga aja amkati aphwanyika, pomwe mazinga amenewo ndi omwe tiwafune pobwezera. Chowawa nchakuti tsiku lomwelo galimoto iyenda bwinobwino, amene anamenya uja nkudziguguda pachifuwa, patapita masabata pampu yayamba kulira wiii pokhota, chiwongolero chalemera ngati ngolo, mwini galimoto nkumati anandigulitsa pampu ya feki. Sinali ya feki bambo, munaipha nokha.

Ena amati chabwino hamala tasiya, tipana ndi zitsulo zochotsera matayala mbali ziwiri. Zomwezo. Ngakhale puller ija ya miyendo itatu yogwira m'mphepete, zomwezonso. M'mphepete mwa pule chitsulo nchopyapyala, chipindika kaye pakati pasanasunthe nkomwe, ndipo pule yopindika imavina injini ikamalira, kudya lamba mpaka kumutaya pamsewu. Ikakhala ya pulasitiki imangosweka. Ndinachitapo ndekha ndili wophunzira, abwana anga anandidula malipiro, nde ndikamakalipa chonchi ndikudziwa kuwawa kwake. Lembani mmunsimu ngati inunso munapindapo, tisamanamizane.

Pokokera ndi pamodzi pokha, pakamlomo kaja ka pakhosi.

Chachinayi, kapena tili pachisanu kaya, tipange chida chathu chokokera. Tengani zitsulo ziwiri zafulati zochindikala, mamilimita 6 kapena 8, musabweretse malata. Chilichonse mucheke ndi grinder kamphako ngati theka la mwezi, kuti mukaziphatikiza zikumbatire khosi la pule pansi pa kamlomo, muzimange pamodzi ndi mabawuti awiri. Chitsulo chachitatu chikhale pamwamba chopingasa, pakati pake bowo, pabowopo wowotcherera akuwotchererenipo nati yaikulu, ntchito ya mphindi zochepa iyi. Mabawuti awiri aatali alumikize chapamwambacho ndi zapansi zija. Mu shafuti lowetsani kabawuti kakafupi ka mutu waung'ono koteteza mazinga, kenako bawuti yaikulu idutse mu nati ija nkukankha pamutu pa kabawutiko. Pakani girizi, zunguzani ndi sipanala pang'onopang'ono. Idzalimba, mudzaganiza kuti china chithyoka, kenako mudzamva pha! Yasuntha, kuchoka apo ndi phala.

Eya ndaiwala, musanakoke yezani kuti pule yakhala pati pa shafuti, zambiri zimathera ndendende ndi nsonga koma yezani ndithu mulembe. Za moto, kutenthetsa pang'ono pakhosi pokha kumathandiza ikakakamira, koma silu ili pafupi pomwepo ndipo ya pulasitiki musayerekeze.

Kubwezera nkophweka ndipo apanso hamala ikhale mthumba. Bawuti yaitali yogwirizana ndi mazinga a shafuti, za GM, kampani yopanga Chevrolet, zambiri ndi 3/8 ya inchi, za Ford zambiri ndi M8, iyeseni ndi dzanja kaye isakakamizidwe. Nati ndi mawasha aakulu, bawuti ilowe mpaka pansi, muigwire isazungulire, inu nkumazunguza nati yokha, pule ikulowa yokha mpaka pomwe munayeza paja. Ikani rula muone ngati ikulunjikana ndi mapule enawo, bwezerani lamba ndi batire, lizani injini muione ngati sikuvina.

Vidiyo yotsatira tichotsa mpweya mu pampu yomweyi, amene simunapange subscribe dinani pamenepo ndi kabelu komwe. Iwe Mphwanga, zimitsa kamera undipatse sipanala ya 17 ija.